Ku Ulaya nakonso anawotcha "mfiti": phunziro lomwe linathetsa kuseka m'kalasi ku Cuamba

CUAMBA (kuchokera kwa mtolankhani wathu) — Loweruka m'mawa, fumbi la pamsika lisanabuke, m'kalasi ina yapafupi ndi njanji munali mutadzaza kale. Ambiri mwa ophunzirawo ndi aphunzitsi a m'sukulu za pulaimale ndi sekondale amene akuwonjezera maphunziro a ku yunivesite kumapeto kwa sabata. Ena anabwera pa chapa kuchokera ku Mandimba, ulendo wa makilomita pafupifupi 150. Ena ndi a ku Massangulo, m'boma la Ngauma, ndipo ananyamuka Lachisanu atangoweruka.

Aphunzitsi awo, bambo a imvi zochepa amene amaphunzitsa mbiri yakale, anatenga choko ndi kulemba pabolodi dzina limodzi ndi chaka chimodzi: Bamberg, 1628. Kenaka anauza kalasi kuti m'chaka chimenecho, mumzinda umenewo wa ku Germany, meya wa mzindawo anaphedwa pa mlandu wa ufiti.

M'kalasi munabuka kuseka. Wina wokhala kumbuyo anafuna kudziwa ngati azungu nawonso amauluka pa lichero. Aphunzitsiwo anangodikira kuti phokoso lizirale. Pofika nthawi ya nkhomaliro, panalibenso ndi mmodzi yemwe amene ankaseka.

Ndinakhala nawo m'kalasimo tsiku lonse chifukwa nkhani yolozana zala si ya m'mabuku okha kuno kumwera kwa Niassa. Ayao amati usawi, Amakua amati okhwiri, ife Anyanja timati ufiti, pa Chipwitikizi ndi feitiçaria. Mayina ndi ambiri, koma amene amagona kuthengo pothawa chikwanje nthawi zambiri ndi mmodzi yemweyo: agogo aakazi opanda wowaimira. Tsono funso limene ndinapita nalo ndi ili: kodi nkhani ya zaka pafupifupi 400 zapitazo, ya kutsidya kwa nyanja, ingapulumutse nkhalamba ya ku Ngauma?

ZIMENE ZINACHITIKA KU ULAYA

Malinga ndi akatswiri a mbiri yakale, kuchokera cha m'ma 1450 kufika cha m'ma 1750, anthu apakati pa 40,000 ndi 60,000 anaphedwa ku Ulaya pa milandu ya ufiti. Ndi nthawi yomweyo imene zombo za Apwitikizi zinkakocheza ku Sofala ndi pa Chilumba cha Mozambique. Mwa anthu anayi alionse ophedwa, pafupifupi atatu anali akazi, ambiri a iwo amasiye ndi okalamba, ngakhale kuti ku Iceland ndi ku Russia ochuluka anali amuna.

Chimene chinadabwitsa ophunzira ndi chakuti anthuwa sanaphedwe ndi gulu lolusa la m'mudzi ayi. Anaweruzidwa m'mabwalo a milandu, pamaso pa oweruza ophunzira bwino, alembi akulemba mawu onse. Akatolika anachita zimenezi, Apulotesitanti nawonso anachita. Mu 1484 Papa Innocent VIII anatulutsa kalata yololeza kusaka mfiti ku Germany, ndipo mu 1486 wansembe wina, Heinrich Kramer, analemba buku lotchedwa Malleus Maleficarum lolangiza momwe angazigwirire ndi kuziweruza. Makina osindikiza mabuku anali atangoyamba kumene, choncho bukulo linafala msanga. Moto unakula koposa pakati pa 1560 ndi 1630.

Apa ndi pomwe aphunzitsi anabwerera ku dzina lija la pabolodi. Meya wa Bamberg, Johannes Junius, anali ndi zaka 55 ndipo mkazi wake anali ataphedwa kale pa mlandu womwewo. Atamangidwa iye, anakana mlandu. Anamupana zala ndi chitsulo mpaka magazi anatuluka m'zikhadabo. Anamumanga manja kumbuyo, kumukokera m'mwamba ndi chingwe ndi kumugwetsa, kangapo konse. Womuzunzayo mwiniwake anamuchonderera kuti angopeka kanthu kalikonse, pakuti sakanapirira zimene zinatsala. Junius anapeka. Ndipo atavomera, oweruza anamufunsa msewu ndi msewu wa mzindawo kuti atchule anzake.

Tikudziwa zonsezi chifukwa pa 24 Julaye 1628 iye analembera mwana wake wamkazi, Veronica, kalata imene inatuluka m'ndende mozemba. M'kalatamo anafotokoza kuti zonse zimene anavomera zinali zabodza, ndipo kuti amene anamutchula iye anamupepesa, poti nawonso anachita kuzunzidwa. Mwezi wotsatira anaphedwa. Pakati pa 1626 ndi 1631 anthu pafupifupi 900 anatha motero ku Bamberg, ndipo katundu wa ambiri a iwo analandidwa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe: mndandanda wa mayina unayambira kwa amphawi, koma unakafika kwa meya.

MWAVI NDI MCHAPE

Aphunzitsi atafotokoza za muyeso wa madzi, umene Matthew Hopkins anaugwiritsa ntchito ku England cha mu 1645, m'kalasi munali zii. Woganiziridwa ankamumanga ndi kumuponya m'dziwe. Akayandama, ndiye kuti ndi mfiti. Akamira, ndiye kuti alibe mlandu, koma mwina n'kumuvuula madzi atamupweteka kale. Wophunzira wina wa ku Ngauma sanadikire kupatsidwa mpata. Anati umenewo ndi mwavi basi, kungoti wa azungu.

Sanalakwe kwenikweni. Mwavi, kapena mwabvi monga amanenera ena, unkapangidwa ndi makungwa a mtengo waululu. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, wakufa ankayesedwa mfiti, ndipo moyo wa munthu unali m'manja mwa amene wasakaniza mankhwalawo. Kutsidya kwa malire athu a Mandimba, boma la Angerezi la Nyasaland linaletsa mwavi ndi kulozana ufiti m'lamulo la mu 1911.

Lamulo linaletsa, koma mantha sanathe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka gulu la mchape, limene anthu ankati linachokera kwa munthu wina wa ku Mulanje wotchedwa Kamwende. Anyamata ovala zachizungu ankayenda mudzi ndi mudzi, kuimika anthu pamzere, kuwayang'ana pa kagalasi, kusonkhanitsa nyanga ndi zithumwa, ndi kumwetsa aliyense mankhwala ofiirira. Mchape unafalikira ku Zambia, ku Tanganyika ndi m'madera ena a dziko lathu lino, ndipo mayi wina wofufuza chikhalidwe cha anthu, Audrey Richards, anaulemba mu 1935. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 1925, Tomo Nyirenda wodziwika ndi dzina loti Mwana Lesa ankaviika anthu m'mitsinje ya ku Zambia ndi ku Congo, ndipo amene ankati ndi mfiti ankawamiza. Ananyongedwa mu 1926.

Aphunzitsi anachenjeza kalasi kuti isathamangire kunena kuti zonse n'zimodzi. Ku Ulaya oweruza ankakhulupirira kuti mfiti inachita pangano ndi Satana, pomwe kwathu kuno mlandu umazungulira pa ubale, nsanje ndi maliro. Mchape nawo sunkapha anthu monga mwavi. Koma chinthu chimodzi chimabwerezabwereza kulikonse: pamafika munthu wonena kuti ali ndi njira yodziwira mfiti, ndipo akuluakulu amamulola kuigwiritsa ntchito.

FUNSO LIMENE SILILEPHERA

Cha m'ma 11 koloko, mayi wina wophunzitsa ku Mandimba anaimika dzanja. Mwaulemu wonse anafunsa aphunzitsiwo kuti anene poyera: iwowo, ndi maphunziro awo onsewo, akuti ufiti ulipo kapena kulibe?

Aphunzitsi anayankha kuti funso limenelo silidzabwera pa mayeso, ndipo sadzachotsera munthu malikisi chifukwa cha zimene amakhulupirira. Mmalo mwake analemba pabolodi mafunso anayi amene wophunzira mbiri ayenera kufunsa pa mlandu ulionse. Analoza chala ndani? Analozedwa ndani? Anaweruza ndani, ndipo ndi umboni wotani? Munda, mbuzi ndi nyumba ya wolozedwayo zinapita kwa yani?

Pa nthawi yopuma ndinawafunsa ngati uku si kuzemba funso. Anandikumbutsa mbiri yathu yomwe. Titalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linatcha zonsezi obscurantismo, ndiye kuti za mumdima, ndipo asing'anga ndi mafumu anakankhidwira kumbali. Anthu sanaleke kukhulupirira. Anangoleka kulankhula pamaso pa a boma, ndipo milandu inkathera kuseri, kumene kunalibe woona. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linasintha maganizo: bungwe la asing'anga la AMETRAMO linakhazikitsidwa, mabwalo a milandu a m'midzi anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1992, ndipo mu 2000 mafumu anazindikiridwanso mwalamulo. Mphunzitsi amene angalowe m'mudzi wa ku Ngauma ndi kuyamba kuseka chikhulupiriro cha anthu, iwo anatero, sadzamvedwanso pa china chilichonse, ndipo tsiku limene agogo ena adzafune womuimira, mawu ake adzakhala opanda mchere.

CHISANU NDI MPHENZI

Masana phunziro linali la zifukwa. Bwanji ku Bamberg moto unayaka mu 1626, osati chaka china? Kumapeto kwa Meyi chaka chimenecho kunagwa chisanu choopsa chimene chinapha mphesa ndi mbewu m'dera lonselo, nkhondo yaikulu ya Zaka Makumi Atatu ili mkati, chakudya chitakwera mtengo. Alimi anapita kwa akuluakulu kukafunsa kuti wachita izi ndani.

Ophunzira sanavutike kupeza zofanana nazo. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno ku Malawi, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17, ndipo anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la m'mudzi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Ku Muidumbe, m'chigawo cha Cabo Delgado, mikango itagwira anthu mu 2002 ndi 2003, anthu oposa 20 anaphedwa powanena kuti ndiwo eni mikangoyo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa, imene pa Chipwitikizi amati chupa-sangue, inasokoneza madera a Zambézia ndiponso Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu anaphedwa m'misewu chifukwa chongokhala achilendo. Katswiri wathu wa zachikhalidwe, malemu Carlos Serra, analembanso za momwe anthu a ku Nampula ankaukira ogwira ntchito zaumoyo powanena kuti akubweretsa kolera.

Koma aphunzitsi anatsindika mfundo imene ine ndinaiona kuti ndiyo mtima wa phunziro lonse. Chisanu chinagwa m'mizinda yambiri, koma si mizinda yonse imene inawotcha anthu. Chikhulupiriro chinali paliponse, koma maliro anachuluka kumene oweruza analola zinthu zitatu: kuzunza munthu kuti avomere, kumukakamiza kutchula anzake, ndi kulandira maloto ngati umboni. Kumene akuluakulu anakana zitatuzi, mlandu unkathera pa munthu mmodzi, ndipo nthawi zambiri iyenso ankamasulidwa.

MOTO UNAZIMA BWANJI?

Umboni wa mfundoyi ndi momwe kusakako kunathera. Kumpoto kwa Spain, anthu asanu ndi mmodzi atawotchedwa amoyo ku Logroño mu 1610, woweruza wina wa bwalo la Tchalitchi, Alonso de Salazar Frías, anayendera midzi ya m'mapiri ndi kufunsa anthu pafupifupi 1,800, ndipo 1,384 mwa iwo anali ana. Ankafunsa aliyense payekha ndi kuyerekeza mayankho. Mafuta amene ankati ndi oulukira anawayesa, napeza kuti alibe mphamvu iliyonse. Anaona kuti m'midzimo munalibe wodandaula za ufiti kufikira pamene nkhaniyo inayamba kulalikidwa ndi kulembedwa. Mu 1614 akuluakulu ake anatulutsa malangizo atsopano okhwimitsa umboni, ndipo bwalo lawo linaleka kuwotcha mfiti.

Ku Germany, wansembe wa chipani cha Ayezuiti, Friedrich Spee, anatulutsa buku la Cautio Criminalis mu 1631 osalembapo dzina lake. Mfundo yake inali yoti ululu ukhoza kuchititsa munthu aliyense, ngakhale woweruza amene, kuvomera kuti ndi mfiti. Ku Salem, ku America, anthu 19 ananyongedwa mu 1692 atsikana ena atanena kuti mizukwa ya anthuwo imawadzera ndi kuwatsina. Umboni wotero utakanidwa, milandu inagwa yokha.

Ophunzira anachita chidwi kwambiri ndi nkhani ya Portugal. Apwitikizi ankakhulupirira za feitiçaria monga ena onse, ndipo bwalo la Inquisição linalipo kuyambira 1536 mpaka 1821, nthambi yake ya ku Goa ikuyang'aniranso madera a Mozambique. Bwaloli linazunza ndi kupha anthu ambiri pa milandu ina, makamaka mbadwa za Ayuda, koma ophedwa pa mlandu wa ufiti anali ochepa kwambiri, chifukwa oweruza ake ankakayikira nkhani zouluka usiku. Katswiri wa ku Coimbra, José Pedro Paiva, analemba buku lonse pofotokoza dziko lakelo ngati dziko lopanda kusaka mfiti.

Salazar sananene kuti Satana kulibe. Spee anali wansembe. Amene anazimitsa moto sanali anthu osakhulupirira, koma anthu amene anakana kupha popanda umboni. Anthu wamba a ku Ulaya anapitiriza kuopa mfiti zaka zambiri mabwalo ataleka kuweruza milanduyo. Mmodzi mwa omaliza kuphedwa, mtsikana wantchito Anna Göldi wa ku Glarus ku Switzerland, anadulidwa mutu mu 1782, ndipo boma la deralo linayeretsa dzina lake mu 2008.

AZAKHALI ANGA KU NGAUMA

Owerenga athu andikhululukire ndikaikapo nkhani ya pakhomo pathu. Azakhali anga amakhala m'mudzi wina wa m'boma la Ngauma. Ndi amasiye, ana awo ali kutali, ndipo ali ndi dimba labwino m'mbali mwa mtsinje. Zaka zingapo zapitazo, m'nyengo ya mvula, mwana wa mbale wathu wina anatentha thupi masiku atatu namwalira. Maliro asanaikidwe, kamnyamata kena ka zaka zisanu ndi zitatu kananena kuti kanalota agogo akukanyamula usiku. Anyamata a m'mudzi anayamba kusonkha ndalama zokatengera sing'anga woloza mfiti kutsidya kwa malire.

Amfumu a mudziwo sanapite kusukulu, ndipo za ufiti amakhulupirira monga aliyense. Koma anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango ndi kulamula zinthu zitatu. Choyamba, anati sing'anga wachilendo salowa m'mudzi mwawo. Chachiwiri, anatenga kamnyamata kaja ndi kukafunsa pambali, pali amalume ake okha ndi ashehe, ndipo zinadziwika kuti lotolo linayamba katamva akuluakulu akunong'onezana dzina la azakhali pa maliro. Chachitatu, anaitanitsa khadi la kuchipatala, ndipo mphunzitsi wa pasukulu yapafupi anawerenga pamaso pa onse kuti mwanayo anapezeka ndi malungo, ndipo anafika naye mochedwa. Amfumu anamaliza ponena kuti amene ati akhudze denga la mayiwo akaonana ndi apolisi.

Sindinganame kuti zonse zinatha. Mpaka lero pali makomo ena amene sapempha mchere kwa azakhali, ndipo ana ena amawalambalala panjira. Koma ali moyo, amagona m'nyumba yawo, ndipo dimba lidakali lawo. Nditamva za Salazar m'kalasi muja, ndinaona amfumu athu aja: kufunsa mwana payekha, kuyesa umboni, kukana mlendo wobwera ndi kagalasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ndinakumbukiranso kuti amene anawerenga khadi lija anali mphunzitsi, monga awa amene anadzaza kalasi ya ku Cuamba.

MABUKU AKUSOWA, NKHALAMBA ZIKUTHA

Phunziroli lili ndi zovuta zake. Mabuku ambiri a nkhaniyi ali m'Chingerezi ndi m'Chijeremani, ndipo ophunzira athu amawerenga Chipwitikizi. Aphunzitsi amachita kumasulira okha masamba ofunika, ophunzira n'kumasonkherana ndalama za fotokope kapena kutumizirana pa foni. Chovuta china n'chakuti milandu ya ku Bamberg inalembedwa ndipo mapepala ake akusungidwa, pomwe milandu ya mwavi ya m'mphepete mwa Lugenda ili m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha chaka ndi chaka.

N'chifukwa chake ntchito ya kunyumba ya kalasiyi si ya mu laibulale. Wophunzira aliyense akacheze ndi munthu wachikulire wa kwawo, m'Chiyao, m'Chimakua kapena m'Chinyanja, ndi kulemba nkhani imodzi ya kale ya kulozana ufiti, poyankha mafunso anayi aja. Pali lamulo limodzi lokhwima: pa pepalapo pasalembedwe dzina la munthu kapena la mudzi. Aphunzitsi anati pepala la mayina ndi loopsa, ndipo amene wamvetsa za Junius sayenera kufunsa chifukwa chake.

Anawakumbutsanso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza anthu okalamba, Lei 3/2014, ndipo kumenya, kuthamangitsa kapena kuwotchera nyumba nkhalamba ndi mlandu wa kupolisi ndi kubwalo la boma, osati wothera pa bwalo la m'mudzi. Koma lamulo lili ku Maputo, polisi ili ku likulu la boma, ndipo usiku wa maliro amene amakhala pafupi ndi amfumu, ashehe, akatekisiti, namwino ndi mphunzitsi.

Dzuwa litapendeka, ophunzira anathamangira kokwerera chapa, poti Lolemba choko chikuwadikira. Ndinakwera limodzi ndi mayi aja a ku Mandimba. Panjira anandiuza kuti funso lawo silinayankhidwe, ndipo iwo akukhulupirirabe zimene anakula nazo. Koma anati m'kalasi yawo muli kamtsikana kamene anzake anayamba kukathawa chifukwa cha mphekesera yokhudza agogo ake, ndipo mpaka tsikulo iwo ankangoyang'ana kumbali. Lolemba, anatero, akapita kukaonana ndi amfumu, ndipo akayamba ndi funso loyamba lija: analoza chala ndani?